Wosewera woposa onse wa Flames ndi Kinnah Phiri

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzi yanu ndiikepo mlomo pa mkangano umene sukutha m'minibasi, pa bawo ndi m'mapulogalamu oimba foni pa wailesi, wakuti kodi mwa onse amene anavalapo jezi ya Flames, katswiri woposa anzake ndani. Ine ndine bambo wachikulire, imvi zili mbuu, ndipo timu yathuyi ndinayamba kuitsata ndikadali mnyamata wa kabudula, tikumenya mpira wachikulunga kuseri kwa msika. Yankho langa ndi Kinnah Phiri.

Chandilembetsa kalatayi ndi zimene zinachitika Loweruka lapitali pomwe ndimametetsa kwathu kuno ku Ndirande. Tili pa benchi kudikira, anyamata anayamba nkhani ya mpira. Mmodzi anatulutsa foni yong'aluka galasi pakona n'kuika chigoli chija Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco. Onse anaunjikana. Wometa naye anazimitsa makina, kusiya mutu wa munthu uli theka. Atachionera katatu, mnyamatayo anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Madala, mwaona? Ndiye muzitiuza za Kinnah? Tationetsani vidiyo yake." Ananena mwaulemu ndithu, sanali kundinyoza. Koma ndinalibe choti ndimuonetse, ndipo ndinabwerera kunyumba mtima ukundiwawa.

Chigoli cha Gabadinho sindikuchipeputsa. Pa 25 January 2022 ku Yaoundé, mpira utangotha mphindi 7, mwanayu anaona kuti goloboyi Yassine Bounou wasuntha pagolo, ndipo anaumenya ali kutali mamita oposa 30. Usiku umenewo ndinakuwa mpaka mawu anatha. Ngakhale Youssef En-Nesyri anabweza, Achraf Hakimi n'kudzatimaliza ndi firikiki, Africa yonse inagona ikukamba za Malawi. Masiku angapo izi zisanachitike, ku Bafoussam, ndi Gabadinho yemweyo amene anatiwombola pamene Zimbabwe inatsogola, iye n'kumwetsa ziwiri. Ku Orlando Pirates anagawana mphoto ya womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile mu 2019/20, aliyense zigoli 16. Ameneyu ndi katswiri, ndipo wokana zimenezi ndi wansanje chabe.

Komabe tisaiwale kuti kuti tikakumane ndi Morocco, panafunika poyinti ija tinaipeza polepherana ndi Senegal, timu ya Sadio Mané imene inadzatenga chikhocho. Tsiku limenelo amene anatinyamula ndi goloboyi Charles Thomu ndi anyamata otchinga kumbuyo. Komanso mpikisano umodzi, ngakhale ukome chotani, ndi masabata ochepa okha. Funso lathu likufunsa za moyo wonse wa munthu mu jezi ya dziko.

Tsono tiyeni tiwerenge. Kuyambira 1973 mpaka 1981, Kinnah anamwetsera Malawi zigoli 71 m'masewero osakwana 120. Ndiye kuti pa masewero asanu aliwonse ankagoletsa katatu, ndipo anachita zimenezi zaka zisanu ndi zitatu osapumira. Chichokereni iye, padutsa omwetsa zigoli oopsa: Lawrence Waya, Frank Sinalo, Esau Kanyenda, Russell Mwafulirwa, Chiukepo Msowoya, Gabadinho amene. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wafika ngakhale theka la 71. Tikatuluka m'dziko muno, Didier Drogba, amene ana athu amavala majezi a dzina lake, anasiyira Ivory Coast zigoli 65. Samuel Eto'o anasiyira Cameroon 56. Woposa Kinnah pa nthawi yake anali mnansi wathu Godfrey Chitalu wa ku Zambia, wa zigoli 79, amene anadzafera pa ngozi ya ndege ija ku Gabon mu 1993 ali mphunzitsi wa timu ya dziko lake. Mmalawi ali pamndandanda umodzi ndi mayina amenewa, koma kwawo komwe ana akufunsa kuti kodi anali ndani.

Vuto ndi lakuti Kinnah anasewera nthawi imene Malawi inalibe kanema. Television Malawi inadzayamba mu 1999, iye atapachika nsapato kalekale. Ife mpira tinkauonera ndi makutu. Ndikukumbukira fainolo ya chikho cha East and Central Africa mu 1978, pamene tinakumana ndi Zambia kwathu konkuno. Tinali pakhonde la golosale, anthu osachepera makumi awiri, wailesi ya Nzeru itaikidwa pa kreti ya Fanta. Mwini wake anali atayanika mabatire padzuwa kuyambira m'mawa kuti asatithere pakati pa mpira. Mawu akayamba kuzilala, mwana mmodzi ankatumidwa kugwira mlongoti n'kuima chilili osagwedezeka. Pomwe woimbira anamaliza mpira, 3-2, Malawi yatenga chikho koyamba, amayi ena amene ankagulitsa zitumbuwa pafupi anavula chitenje n'kuyamba kuchikupiza m'mwamba, beseni la zitumbuwa n'kulisiya pansi popanda woliyang'anira. Chaka chotsatira, mu 1979, anyamata a mphunzitsi Ted Powell anakateteza chikhocho ku Kenya, kuswa eni bwalo 3-2 mu fainolo. Kutsogolo kwa timu imeneyo kunali Kinnah.

Ndinamuonanso ndi maso anga pa Kamuzu Stadium atavala zofiira za Bata Bullets, ine ndili ku Biafra, mbali ya bwalo yopanda denga, dzuwa likuswa mtengo. Chimene sindidzaiwala n'chakuti mpira ukangofika pa mwendo wake, anthu ankayamba kuimirira iye asanaumenye n'komwe. Otchinga kumbuyo a timu inayo ankayamba kukuwirana. Dzina limene ankamutcha loti Electric silinabwere mwangozi. Ndipo dziwani kuti ine ndine wa Manoma, timu ya Wanderers yopikisana ndi Bullets, kotero Kinnah anandigonetsa ndi njala Loweruka lambiri. Sindikumuyamikira chifukwa cha timu.

Pali mawu amene anyamata amakonda kunena, akuti zigoli za Kinnah anamwetsa matimu ofooka a m'chigawo chino. Apa ndiye pomwe ndimatsutsa ndi mtima wonse. Zambia imene tinaigonjetsa mu 1978 inali itafika mu fainolo ya chikho cha Africa mu 1974, ndipo Zaire inachita kuigonjetsa pa masewero obwereza. Uganda, imene tinkakumana nayo m'chikho chomwechi, inafika mu fainolo ya Africa mu 1978 momwemo n'kugonja kwa Ghana ku Accra. Chigawo chathu nthawi imeneyo chinali ndi mano. Kutenga chikho cha East and Central zaka ziwiri zotsatizana sinali nkhani yamasewera. Tiyeneranso kukumbukira kuti chikho cha Africa nthawi imeneyo chinkalola matimu 8 okha, pomwe lero akupita 24. Mu 2022 tinadutsa m'gulu lathu tili pa nambala yachitatu. M'masiku a Kinnah khomo loterolo kunalibe.

Ndivomere kuti Kinnah sanasewereko mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa. Pomwe Flames inapita koyamba ku Ivory Coast mu 1984, n'kulepherana ndi Nigeria 2-2 ku Bouaké pa zigoli za Clifton Msiya ndi Harry Waya, iye anali atapita kale ku Swaziland, ku Manzini Wanderers. Ili ndi banga pa mbiri yake ndipo sindilibisa. Koma timu ya 1984 inamera pa munda umene analima a 1978. Anthu anayamba kukhulupirira kuti Malawi ingathe kumenya aliyense chifukwa cha zikho ziwiri zija.

Dzina lina limene limatuluka nthawi zonse ndi la Ernest Mtawali. Tikamakamba za luso lenileni, kuusisita mpira, kudyetsa njomba, kuponya pasi yodutsa pakati pa anthu anayi, ine ndemwe ndikuti Malawi sinabalenso wina ngati Mtawali. Ku Joni, komwe ankadziwika kuti Ernest Chirwali, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 1985 ali ku Bloemfontein Celtic. Anadzasewera ku Mamelodi Sundowns, ku Newell's Old Boys ya ku Argentina ndi ku Toulouse ya ku France. Mmalawi kusewera ligi ya ku Argentina! Koma zaka zake zokoma kwambiri anathera ku South Africa nthawi ya tsankho, dzikolo lili kunja kwa FIFA mpaka 1992. Amene anadyerera luso lake ali pachimake ndi anthu a ku Bloemfontein ndi Pretoria, osati ife. Funso likanakhala lakuti Mmalawi waluso kwambiri pa mpira ndani, ndikanalemba kalata ina. Koma tikufunsa za Flames.

Chimodzimodzi Kanyenda ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow, kapena Patrick Mabedi amene anavala lamba wa ukaputeni ku Kaizer Chiefs. Anatikweza kunja, tiwathokoze.

Munthu yekhayo amene amandigwedeza maganizo, amene ndikagona ndimati mwina ndikumulakwira, ndi Young Chimodzi. Anavala jezi ya dziko lino ka 159, kuyambira 1979 mpaka 1995, ndipo palibe wamuposa. Taganizani zaka 16 munthu akuitanidwa ndi mphunzitsi aliyense amene wabwera, mzungu kapena wakuda, osapezeka womulanda malo. Iye ndi wa m'badwo umene unatipititsa ku Ivory Coast mu 1984, unatenga mendulo ya bronze pa All-Africa Games ku Nairobi mu 1987 pogonjetsa Cameroon, n'kutenganso chikho cha East and Central kachitatu mu 1988. Ife Amalawi tili ndi chizolowezi choiwala otchinga kumbuyo. Womwetsa chigoli timamunyamula pamapewa, koma amene watchinga zigoli zitatu amatuluka m'bwalo yekha, masokosi ali matope okhaokha. Ndi mmene tinachitiranso ndi malemu Jack Chamangwana, amene tinkamutcha Africa, ndi Peter Mponda amene anatsogolera anyamata ku chikho cha Africa ku Angola mu 2010. Wina akabwera n'kunena kuti woposa onse ndi Chimodzi, ndimupatsa mpando, timwe tiyi, tikambirane mpaka madzulo. Chimene chimandibwezera kwa Kinnah n'chakuti matenda a Flames, kuyambira kale mpaka lero, ndi kusowa womwetsa zigoli. Timasewera bwino, timafika pagolo, mpira n'kupita kumwamba. Otchinga abwino takhala nawo m'badwo uliwonse. Munthu wotipatsa zigoli zitatu pa masewero asanu aliwonse tinakhala naye kamodzi kokha.

Za uphunzitsi wake sindikuziika pa sikelo, chifukwa tikuyeza wosewera. Koma anyamata a foni aja adziwe kuti bambo amene anaima pambali pa bwalo tsiku lomwe Chiukepo anagwetsa Egypt pa Kamuzu Stadium mu June 2008, Egypt ili akatswiri a Africa, ndi Kinnah yemweyu. Ndi yemweyunso amene anatibwezera ku chikho cha Africa patatha zaka 26, ndipo pa 11 January 2010 ku Luanda, Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda anathambitsa Algeria 3-0, timu imene inali pa ulendo wa ku World Cup chaka chomwecho. Ambiri amamudziwa ngati mdala wa pa benchi uja. Sadziwa kuti asanakhale pa benchipo, mabwalo a Lusaka, Nairobi ndi Kampala ankamudziwa ndi miyendo.

Ndinenenso ichi ndisanaiwale, poti mdzukulu wanga wamkazi anandikumbutsa nditamuuza za kalatayi. Akuti agogo, nanga Tabitha ndi Temwa? Zoona. Tabitha Chawinga anatsogola pomwetsa zigoli mu ligi ya Italy ali ku Inter, n'kukachitanso chimodzimodzi ku France ali ku PSG. Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya America mu 2024 ali ku Kansas City Current, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Scorchers, timu yathu ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 pogonjetsa Zambia. Tsiku limene mudzatsegule mkangano wa Mmalawi aliyense womenya mpira, wamwamuna kapena wamkazi, ana a kwa Chawinga adzatipatsa ntchito tonse. Lero ndikukamba za Flames.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi ili. Mnyamata wa ku babashopu uja sindikumuimba mlandu. Anafunsa umboni ndipo anali ndi ufulu wofunsa. Olakwa ndife akuluakulu amene tinaona zinthuzi n'kungozisunga m'mutu, komanso inu a nyuzi amene zithunzi za nthawi imeneyo zikungodyedwa ndi njenjete m'makabati. Tumizani mtolankhani wanu akakhale pansi ndi Kinnah, ndi Chimodzi, ndi ena a m'matimu a 1978, 1979, 1984 ndi 1988 amene adakali moyo. Asakawafunse funso limodzi lokha lakuti Flames ya lero ikulakwitsa pati, monga mumachitira timu ikagonja. Akawafunse za iwo eni: ankapita bwanji ku maphunziro a mpira akaweruka ku ntchito, ankavala nsapato zanji, usiku wa fainolo ya ku Kenya anagona bwanji, ndani ankamuponyera Kinnah mipira imene ankagoletsa. Mukatero musindikize pamodzi ndi zithunzi zakalezo, tsamba lathunthu, m'Chichewa. A FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, nawo apemphe a MBC kuti afufuze matepi a mpira a zaka zimenezo, awaike poti mwana aliyense wa foni angawamvere.

Jack Chamangwana anatisiya mu May 2018, ndipo zambiri zimene ankadziwa za timu ija anapita nazo. Musadikire kuti enawa tidzawalembe pa tsamba la maliro. Mukadzasindikiza, ine ndidzagula nyuzi ziwiri, imodzi yanga, inayo ndikaisiye pa benchi ya ku babashopu.

Ndine wanu wokonda Flames,
Ndirande, Blantyre