Pempho la komiti ya sukulu: mjigo wa ana wafa, tithandizeni kuudzutsa

Kwa inu ana athu amene munaphunzira pano, makolo, ndi onse akufuna kwabwino,

Ife a komiti ya sukulu pamodzi ndi aphunzitsi tikukudziwitsani kuti mjigo uja wa kuseri kwa makalasi, womwe ambiri mwa inu munamwapo muli ana, sukutulutsanso madzi. Mvula itakokolola dothi, simenti ya pamjigo inang'aluka, ngalande inagumuka, ndipo pasanapite nthawi chogwirira chinayamba kupepuka mpaka madzi analekeratu. Amene analonjeza kudzakonza anabwera n'kuyendera malowo, koma kufikira lero sanaonekenso. Panopa ana akumwa madzi a pachitsime chosaphimba, pomwenso ziweto zimamwera. Ena akumathawa m'kalasi nthawi yopuma kukasaka madzi, osabweranso. Atsikana akuluakulu akakhala kumwezi akungokhala kunyumba, chifukwa m'chipinda chosinthira mulibe ndi dontho lomwe.

Tikudziwa kuti si ife tokha. Mabungwe a WHO ndi UNICEF anapeza kuti mu 2023 ana 447 miliyoni padziko lonse ankaphunzira pa sukulu zopanda madzi abwino akumwa. Zimatiwawa kuti sukulu imene inakuphunzitsani inu yabwerera m'gulu limeneli, pamene chitsime chake n'chamoyo.

Makaniki wa mijigo atatsegula anapeza kuti madzi pansi sanaphwe. Sitikupempha kukumba mjigo watsopano ayi. Zafa ndi zipangizo za m'kati. Mjigo wathu ndi wa mtundu wa Afridev, umene umatunga madzi mpaka mamita 45 kuya kwake. Marodi ake, zitsulo zazitali zochokera pachogwirira kutsikira pansi, a mamita 3 iliyonse ndipo amakolana ndi ngowe, anali a chitsulo wamba chokutidwa, ndiye madzi a asidi pang'ono akhala akuwadya ndi dzimbiri. N'chifukwa chake madzi oyamba m'mawa ankatuluka ofiira n'kumathimbiriritsa ndowa. Timphira tomwe timagwira rodi kuti ikhale pakati pa paipi tinatha, rodi n'kuyamba kukhula paipi ya PVC mpaka kuiboola. Paipi ikabooka, madzi amene mwakweza amabwerera pansi. Kamphira kotchedwa U-seal ka papulanja, chipangizo chokwezera madzi m'paipi, kanatha; bobini, kamphira kotsekera pa futuvavu yomwe imaletsa madzi kubwerera pansi, sikutsekanso, ndipo mabushi anayi a pulasitiki a pachogwirira anaperepeseka, moti chitsulo chinkadyana ndi chitsulo chinzake. Uja munkamva mjigo ukulira uli patali, chinali chimenechi.

Mjigo umachenjeza usanafe, ndipo mayeso ake ndi awiri okha. Mukaupumitsa mphindi 30, madzi ayenera kutuluka musanapitirire kupopa kasanu; mukapitirira, ndiye kuti paipi kapena futuvavu ikudontha. Mukapopa ka 40 pa mphindi imodzi, mjigo wabwino umapereka malita pafupifupi 15. Akachepera 10, mphira za papulanja zatha. Tagwirizana kuti aphunzitsi awiri ndi makolo awiri aphunzitsidwe mayeso amenewa, ndipo azilemba zotsatira m'kope sabata iliyonse.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi simenti yong'aluka ija. Madzi otayika, matope ndi ndowe zimalowera m'ming'alu n'kutsikira m'chitsime, ndipo umu ndi momwe kolera, taifodi ndi matenda otsegula m'mimba amalowera m'madzi ooneka oyera. Ngakhale titaika marodi atsopano lero, popanda kuwakanso pamenepa tikhala tikumwetsa ana matenda. Simenti yatsopano iyenera kusakanizidwa muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala, ipendekere kungalande, ndipo izithiriridwa madzi kwa masiku 7 kuti ikhwime bwino. Ngalande ikathere m'dzenje lodzaza miyala, madzi asadikhe n'kuswetsa udzudzu. Zimbudzi zatsopano tazipimira kumunsi, mamita oposa 30 kuchokera pamjigo. Tikamaliza kukonza, m'chitsime muthiridwe klorini wamphamvu, agonemo usiku wonse, kenako tipope mpaka fungo lithe. Ana asamwe mpaka a zaumoyo atayeza, chifukwa m'mamililita 100 a madzi akumwa simuyenera kupezeka tizilombo ta E. coli ngakhale kamodzi.

Makolo sanapinde manja. Aumba ndi kuotcha njerwa za mpanda wotchinga ziweto, atuta mchenga, aswa miyala, ndipo dzenje la kumapeto kwa ngalande akumba kale. Agogo ena amene ana awo anachoka kalekale ndi amene akhala akuyamba kufika ndi makasu. Kangachepe kamene tinasonkha kanathera kwa makaniki ndi klorini. Zotsalazo n'zimene manja sangaumbe: matumba a simenti, marodi a chitsulo chosachita dzimbiri pamodzi ndi timphira take, mapaipi a PVC a mamilimita 63 ndi guluu wake, pulanja, futuvavu, mabobini, mabushi, sipanala ya mjigo, ndi kachitsulo kokolera futuvavu. Tikupemphanso kuti U-seal ndi mabushi zibwere zoonjezera zosunga, popeza pa mjigo wotanganidwa ngati wa pasukulu zimafuna kusinthidwa chaka chisanathe. Kamphira kakang'ono kameneka kakasowa, mjigo wonse umaima miyezi.

Palinso nkhani ya zosungiramo madzi. Muyeso wa WHO ndi malita 5 patsiku kwa mwana aliyense wosagonera pasukulu, akumwa ndi osamba m'manja. Ana 100 ndi malita 500, omwe ndi zigubu 25 za malita 20. Ana 1,000 angafune kupopa kosalekeza kwa maola oposa asanu, choncho onse sangathe kumwa pamjigo pa nthawi yopuma yokha; ang'onoang'ono ndi amene amakankhidwa pamzere n'kubwerera ndi ludzu. Tikufuna kuti kalasi iliyonse ikhale ndi ndowa yokhala ndi chivindikiro ndi kampopi, yodzazidwa m'mawa, kuti pasakhale woviika kapu kapena dzanja m'madzi. Pakali pano madzi a kuchitsime tikumawasefa pansalu n'kuwasiya kuti adikhe, chifukwa klorini sagwira bwino ntchito m'madzi a matope. Magalamu 15 a klorini wa ufa wa HTH timawasungunula mu lita imodzi ya madzi, timasunga m'chigubu cha pulasitiki pamalo osafika dzuwa, ndipo timathira m'ndowa pa muyeso umene a zaumoyo anatipatsa, n'kudikira mphindi 30 ana asanamwe. Klorini amene tili naye watsala pang'ono kutha.

N'zochititsa manyazi kuti sukulu imene yatulutsa aphunzitsi, anamwino, amisiri ndi akuluakulu a m'maofesi izipempha kamphira ka mjigo. Ena mwa inu takhala zaka osakuonani, ndipo makalata athu oyamba sanayankhidwe. Sitikukuimbani mlandu, tikudziwa kuti kumene muliko nakonso kuli zosowa. Koma ana amene akumwa ndi ziwetowa ndi adzukulu a makolo anu, ena ndi ana a achimwene ndi achemwali anu enieni.

Amene mungathe kugula chipangizo, gulani chipangizocho n'kutumiza. Onetsetsani kuti ndi cha Afridev, chifukwa cha mjigo wa mtundu wina sichilowa. Amene mukufuna kupereka ndalama, perekani kudzera kwa msungichuma wa komiti, a mphunzitsi wamkulu akuona, ndipo chilichonse chidzalembedwa n'kuwerengedwa pamsonkhano wa makolo. Amene muli ndi luso la zomangamanga kapena galimoto yonyamulira mapaipi, tiuzeni msanga kuti tipangane tsiku. Tikufuna simenti iwakidwe ndi kukhwima mvula ina isanagwe.

Ndife anu,
Komiti ya sukulu ndi aphunzitsi