Katundu wochepa si kuumira

Akonzi,

Ndine telala wa ku Mufakose, kuno ku Harare, mwana wa bambo wa ku Ntcheu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya nthawi ya Chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Ndiloleni ndiyankhe abale anga a kuno amene akhala akundinena kuti ndine woumira.

Mlandu wanga ndi chipinda chimene ndimachita lendi. Muli bedi, makina osokera a Singer, wailesi, mbaula, mapoto ochepa ndi suti imodzi imene imapita kutchalitchi, kuukwati ndi kumaliro komwe. Mulibe sofa, mulibe TV yodzaza khoma, mulibe kabati ya mbale zimene palibe anadyerapo. Alamu anga akabwera amayang'ana uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Kodi alamu, ndalama zonse mumasokazi mukusungira ndani? Mudzapita nazo kumanda?" Amayi a kutchalitchi sanena pamaso, koma mawu awo amafika ndithu.

Amene anali kuno mu 2005 akukumbukira Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba zimene linkati n'zosaloledwa. Inayamba mu Meyi, kukuzizira, ndipo tinyumba ta kuseri tinagwetsedwa ku Mbare, ku Highfield ndi m'makomboni ena ambiri. Bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Ine zimene ndinaona ndi maso ndi mawadiropu ndi masofa ali m'mbali mwa msewu, eni ake atagona pambali kuwalondera, mame akuwagwera onse pamodzi. Anzathu a Chishona ena anakweza katundu pa lole kupita kwawo kumudzi. Nanga ife? Kwathu kuli kuseri kwa Nyamapanda, uwoloke Zambezi pa Tete, ukalowere pa Mwanza, ndipo ambiri obadwira kuno sadziwa n'komwe njira ya kumudzi kwa agogo awo. Katundu amene anthu anamuvutikira zaka anagulitsidwa pa mtengo wozizira, wina anangosiyidwa. Kuyambira pamenepo sindigula chinthu chimene sindingathe kusamuka nacho pa ngolo imodzi yokankha. Munthu wa lendi ndi mlendo, eni nyumba akadzuka ndi maganizo ena mwezi sutha.

Komatu amene amagula zinthu sindikuwaona ngati opusa. Dziko lino linatiphunzitsa kuopa ndalama. Mu 2008 zimene anthu anasunga kubanki zinangosanduka mapepala, mpaka mu Januwale 2009 tinagwira pepala limodzi lolembedwa 100 trillion. Kenaka kunabwera ndalama zina zotchedwa mabondi mu 2016, ndiye zinanso zotchedwa ZiG mu 2024. Munthu amene anaona penshoni ya bambo ake ikulephera kugula buledi, akagwira ndalama lero amathamanga kukaisandutsa chinthu chogwirika, ndipo ndimamumvetsa. Pamene timasiyana ndi pa chinthucho. Sofa ya pangongole sisunga ndalama ya munthu, imadya. Yanga ndimaisandutsa malata a nyumba ya azakhali ku Ntcheu, fizi ya mwana wa mchemwali wanga imene ndimatumiza pa Mukuru teremu isanayambe, ndi chopereka cha mwezi ndi mwezi ku sosaite yathu ya maliro.

Pa sosaite pomwepa mpamene ndimapsa mtima pang'ono. Ondinenawa amakonda mwambi woti kupatsa nkuika. Inde, nanenso ndimauvomera. Koma kupatsa kwake ndi kuti? Kugulira anthu mowa Loweruka kuti akutche bwana? Maliro akagwa, thupi likufunika kupita kumudzi kapena bokosi likufunika pompano, mbale ikamayenda timaonana. Ena a masofa aja foni imakhala yozimitsa tsiku limenelo, chifukwa mwezi uno akubweza ngongole ya firiji yaikulu, m'dera limene magetsi amabwera anthu atagona. Woumira ndi amene amamana mnzake ali nazo. Ine amene ndimamumana ndi ine mwini, ndipo sindinadandaulepo.

Matenda athu enieni ndi akale, tinawatengera kwa makolo. Mwamuna akapita ku Halale ankayenera kubwerera ndi njinga, sutikesi ndi nsalu za amayi onse a pamudzi. Amene sanapate ankachita manyazi kubwerera, chaka chino ayi, chamawa ayi, mpaka anasanduka matchona n'kuikidwa m'manda a pafamu. Bambo anga anali mmodzi wa iwo. Manyazi omwewo ndi amene ndimawaona pa Roadport, pokwerera mabasi opita kunja, mu Disembala, munthu atanyamula zikwama zoti kondakitala amulipiritse kawiri, zonse za pangongole, kuti kumudzi akati ku Harare zikumuyendera. Akabwerako Januwale akubwereka ya lendi. Mwina akumudzi akanakonda kumuona iyeyo kawirikawiri ali ndi kachikwama kamodzi, kusiyana ndi kumuona patapita zaka zisanu ali ndi katundu wodzaza denga la basi.

Za zovala sindinena zambiri, poti ndimadyera momwemo. Anthu amandibweretsera za kaunjika za kumsika wa Mupedzanhamo kuti ndichepetse, amavala kamodzi, sabata yamawa abweranso ndi zina. Pitirizani ndithu, makina anga asachite dzimbiri. Kungoti musamandiseke ndikamasoka chigamba pa thalauza langa, ntchito yake ndi yomweyo.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi chakuti mwana wanga wamkazi akukwatiwa mu Ogasiti, ndipo manong'onong'o ayamba kale. Tsono ndinene pano kuti aliyense amve. Diresi ndisoka ndekha. Mdipiti wa magalimoto obwereka sudzakhalako, holo ya m'tauni ayi, tidzakhala pabwalo la tchalitchi. Mpunga, nsima, nkhuku ndi thobwa zidzakhala zokwanira aliyense ngakhale wobwera wosaitanidwa, ndipo ya basi ya azakhali ochokera ku Ntcheu ndalipira kale. Yotsalayo ndidzawapatsa anawo m'manja akalipire lendi ya miyezi yoyamba. Amene akuona kuti ukwati wotere ndi wochititsa manyazi andiuziretu, tichepetse nkhuku.

Telala wa ku Mufakose,
Harare