Scrooge musamuveke suti yonyezimira

Akonzi,

Disembala ikamayandikira, magulu a achinyamata m'matchalitchi athu kuno ku Harare, ku Mbare, Mufakose ndi Highfield komwe, amayamba kukonza masewero a Khirisimasi. Ena amasankha nkhani ya Ebenezer Scrooge ya m'buku la Charles Dickens lotchedwa A Christmas Carol, lomwe linatuluka ku London mu Disembala 1843. Ife amene timaphunzitsa mabuku tikupempha malo kuti tiwaunikire pomwe seweroli limakonda kusokonekera.

Scrooge amatchulidwa ngati chizindikiro cha kukonda chuma, ndiye osewera amamuveka suti yodula, wotchi ndi mphete. Apa mpamene nkhani imafera. Scrooge wa m'buku sagula kanthu. Amagona m'zipinda zamdima chifukwa mdima sulipiritsa, ndipo usiku amamwa kaphala pamoto wosaoneka n'komwe. Ndi munthu woumira, osati wodzionetsera. Matenda ake ndi oti aliyense amamuyeza ndi ndalama, ngati mzere wa m'buku la maakaunti. Mukamuveka zonyezimira, oonera amaganiza za mabwana a ku Borrowdale, n'kuseka, osadziona okha.

Choyamba kukonza ndi ofesi. Bokosi la malasha limakhala m'chipinda cha Scrooge, ndipo moto wa kalaliki wake, Bob Cratchit, ndi waung'ono ngati khala limodzi. Disembala wa kuno ndi wotentha, choncho kuzizira kuja oonera sakumva pokhapokha mutakuonetsa. Ikani mbaula ziwiri, ina ya makala ochepa, ina ya khala limodzi, thumba la makala likhale kumapazi kwa Scrooge, Cratchit aziwotha manja pa kandulo ngati ndi mu Juni.

Malipiro atchulidwe momveka: masheleni 15 pa sabata, a banja la anthu 8, makolo ndi ana 6. Agogo amene anagwirako mapaundi akukumbukira kuti paundi imodzi inali masheleni 20. Buku lenilenilo linkagulitsidwa masheleni 5, ndiye kuti Cratchit akanalifuna akanataya gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ake a sabata.

Pa mizimu mpofunika kusamala kwambiri. Ilipo inayi, wa Jacob Marley, mnzake wa Scrooge pa bizinesi amene anamwalira zaka 7 m'mbuyomo, ndi ina itatu. Achinyamata amaikonda chifukwa pali nsalu zoyera, ufa kumaso ndi kukuwa, mwakuti imadya theka la nthawi. Koma kwathu kuno munthu wolemera, wokhala yekha, woyenderedwa ndi mizimu usiku, timamudziwa dzina lake: ndi wokhwima. Anzathu a Chishona anena kuti ali ndi chikwambo. Oonera akangoganiza choncho, mlandu wachoka pa mtima wa munthu wapita ku zitsamba, pamene Dickens za kukhwima sanalembe. Mankhwala ake ndi unyolo wa Marley. M'buku unyolowo ndi wa mabokosi a ndalama, makiyi, maloko, mabuku a maakaunti, zikalata za katundu ndi zikwama zachitsulo. Mangirirani zinthu zimenezi pa chingwe kuti zizioneka ngakhale kwa okhala kumbuyo, kukuwako muchepetse.

Pali mbali ziwiri zomwe zimadulidwa pofuna kufupikitsa, chonsecho ndiye msana wa nkhani. Ina ndi ya Fezziwig, bwana amene Scrooge anaphunzirako ntchito. Phwando lake linadya mapaundi atatu kapena anayi basi, ndipo Scrooge yemweyo akuvomereza kuti bwana ali ndi mphamvu yopepukitsa kapena kulemetsa ntchito. Popanda Fezziwig, sewero limaoneka ngati likudzudzula malonda onse, zomwe sizoona. Ina ndi ya kwa Old Joe, wogula zakale, komwe mzimu womaliza ukuonetsa Scrooge zamtsogolo atamwalira: antchito akugulitsa makatani a bedi la Scrooge ndi malaya omwe avula mtembo wake. Amene ankayika mtengo pa anthu, naye wayikidwa mtengo. Aliyense amene anafikako ku msika wa Mupedzanhamo ku Mbare adziwa momwe malonda a zovala zakale amayendera, ndipo mbaliyi siyivuta kusewera.

Fred musamutenge ngati mlendo wamba. Ndi mwana wa Fan, mlongo wake wa Scrooge, choncho kwa ife Achewa Scrooge ndi atsibweni, mwini mbumba. Fred akalowa aziti "Atsibweni", ndipo Scrooge akakana kukadya kwa muphwa wake oonera amva kulemera kwake popanda wofotokoza.

Mathero nawo amafupikitsidwa molakwika. Ambiri amathera pa nkhukundembo yomwe Scrooge akutumiza kwa a Cratchit, kenako nyimbo. Bukulo limapitirira mpaka m'mawa wotsatira ku ofesi, pomwe Scrooge akukweza malipiro a Cratchit n'kumuuza kuti akoleze moto ndi kugula chotengera malasha china. Siyani mphindi zosachepera zitatu za mbali imeneyi, ndipo thumba la makala lija lichoke kumapazi kwa Scrooge lipite pa mbaula ya kalaliki anthu akuona.

Aphunzitsi a mabuku,
Harare