Limbitsani chogwirira tayala la sipeya pa tirela

A Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjezeko anzanga okoka tirela. Mwezi watha ndikupita ku Chipata, pamapiri a Manenekela paja, ndinangomva phuu! kuyang'ana pagalasi tayala la sipeya likugubuduzika kulowera kuphompho, mwayi wake kumbuyo kwanga kunalibe galimoto. Chitsulo chogwirira tayalalo anangochiwotcherera pa bampala, kabampala kopyapyala ngati chitini, ndiye mabampu ndi maenje anachigwedeza mpaka chinathyokera powotcherera pomwepo.

Nditabwerera ku Lusaka mnyamata wina wowotcherera ku Kalingalinga anachimangirira pa chasisi penipeni ndi angle iron (chitsulo chopindika ngati L) ndi ma U-bolt (mabauti opindika ngati U) awiri, osaiwala ma spring washer kuti manati asamamasuke. Pano ndisananyamuke ndimayamba ndaligwedeza kaye ndi manja tayalalo.

Wowerenga wanu,
Chelstone, Lusaka