Kalata ya Abusa: Makolo Athu Amene Akadali pa Ntchito

Okondedwa mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse.

Sabata yatha ndinakazonda mayi wina wa Mvano amene wathyola tiyi kwa zaka zambiri pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Ndinawapeza pamkeka, maondo atatupa, akudzisisita msana pamene pamakhala dengu. Potsanzikana anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Abusa, akapitawo asamve, angandichotse." Usiku umenewo tulo sindinatione.

Akuluakulu athu ambiri akubisa matenda kuntchito poopa kuuzidwa kuti akalamba. Amayi ndiwo akuvutika mwakachetechete kwambiri. Pakati pa zaka 45 ndi 55 mayi amasiya kusamba: thupi limatentha mwadzidzidzi, thukuta limanyowetsa zofunda usiku, mafupa amayamba kufooka. Mayi yemweyo asanapite kuntchito amakhala atatunga kale madzi, ataphikira zidzukulu phala. Nanga zoterezi angamufotokozere bwanji kapitawo wamwamuna, wamsinkhu wa mwana wake? Abambo nawonso amangoti mwamuna salira, chonsecho mlonda akuchezera kunja m'kuzizira kwa June, BP itakwera, mkodzo ukuvuta kutuluka.

Dziwani kuti kudwala si mlandu. Lamulo la ntchito la 2000 likunena kuti amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza, akadwala n'kuonetsa kalata ya dokotala, ayenera kupuma milungu 4 akulandira malipiro onse, ndi ina 8 akulandira theka, pa chaka.

Tsono ndilankhule ndi inu amene mumalemba anthu ntchito, pakuti ena mwa inu ndinu akulu a mpingo, ena akapitawo, ena muli ndi mlonda kapena wantchito pakhomo. Pemphero la pa Salimo 71:9, lakuti Mulungu asatitaye mphamvu zikatha, tonse tidzalipemphera tsiku lina. Musadikire kuti antchito anu adandaule, sadzatero. Afunseni nokha mmene akumvera m'thupi. Mlonda mupatseni jekete ndi mpando. Tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala musamadule malipiro. Amene msana wakana, apatseni ntchito yopepukirapo, ndipo pakhale mayi mnzawo amene amayi angamasuke naye.

Lamulungu likubwerali tikaweruka, anamwino a mumpingo muno adzapima BP ndi shuga mwaulere. Amayi adzakhala paokha, abambo paokha, kuti aliyense afunse mosachita manyazi. Bwerani ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo muwatengenso anzanu akuntchito, ngakhale a mipingo ina.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.