Chilengezo: Kukumana kwa Loweruka lino

Abale ndi alongo mwa Ambuye,

Loweruka likubwerali tidzakumana mu holo ya tchalitchi chathu ku Ndirande, kuyambira 2 koloko masana. Tidzakambirana za ulamuliro wa Mulungu ndi chiweruzo chake masiku ano.

Mutuwu wabwera chifukwa cha zomwe tikumva m'maminibasi ndi pa WhatsApp. Achinyamata ena akuti Mulungu ndi chikondi basi, za chiweruzo n'zoopsezera ana. Palinso ena amene amaona chilango pa tsoka lililonse. Mukukumbukira mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe? Panamveka alaliki akuti omwalirawo anachimwa. Ine mawu amenewo anandiwawa, mpaka lero.

Pa Luka 13:4-5 Yesu anakana zoti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo, komabe anauza omumvera kuti alape. Werenganiponi musanabwere, pamodzi ndi Aroma 2:1-11.

Abusa adzatsegulira, kenako mafunso. Anyamata ndi atsikana, bwerani ndi mafunso anu ovutawo, palibe adzakudzudzuleni.

Amayi akonza tiyi, koma aliyense atenge kapu yake.

Mlembi wa gulu