Wokulira m'zilankhulo ziwiri ndi mwini wa zonse ziwiri

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa nkhani imene yandisowetsa mtendere mwezi uno. Ndinakulira m'nyumba ya zilankhulo ziwiri. Bambo anga ankandilankhula Chingelezi kuyambira ndili khanda, amayi ankandilankhula chilankhulo chawo, ndipo palibe tsiku limene ndingaloze kuti apa ndi pamene ndinayamba kuphunzira chimodzi mwa ziwirizi. Ndimalota m'zonse ziwiri, ngakhale kukalipa ndimakalipa m'zonse ziwiri. Ndili ndi digiri, ndili ndi satifiketi yophunzitsira Chingelezi ya CELTA ya Cambridge, ndipo ndaphunzitsa Chingelezi kwa zaka 6.

Posachedwapa ndinafunsira ntchito pa sukulu ina ya zilankhulo ya kunja, mayeso ake tinachitira pa intaneti. Mayi amene ankandifunsayo anayamikira katchulidwe kanga ka mawu. Anandipatsa chiganizo chokhota kuti ndichiwongole, ndinachiwongola n'kufotokoza pamene panalakwika, iye akugwedeza mutu mokondwera. Kenako anafunsa kuti, "Pasipoti yanu ndi ya dziko liti?" Nditayankha anakhala chete kaye, n'kunena kuti makolo a ana awo amafuna "eni chilankhulo". Zinathera pomwepo.

Apa ndi pamene ndinaona kuti mawu akuti mwini chilankhulo, mmene olemba ntchito ambiri amawagwiritsira ntchito, sanena za pakamwa pa munthu. Amanena za chikuto cha pasipoti. Taonani ku South Korea: viza ya E-2 ya aphunzitsi a Chingelezi imaperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko 7, omwe ndi United States, United Kingdom, Canada, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Mwana wa ku Jamaica, wa ku Nigeria kapena wa ku Singapore amene wakula ndi Chingelezi, n'kuphunzira m'Chingelezi kuchokera kupulayimale mpaka kuyunivesite, palibe pa mndandandawo. Chodabwitsa n'chakuti pulogalamu ya boma lomwelo ya EPIK, yolemba ntchito aphunzitsi a Chingelezi ochokera kunja, imauza anthu a ku South Africa ndi a ku Quebec, chigawo cha Canada komwe ambiri amalankhula Chifalansa, kuti abweretse umboni woti anaphunzira m'Chingelezi kuyambira giredi 7. Ndiye kuti iwonso akudziwa kuti pasipoti payokha siilankhula. Nanga umboni womwewo ulekeranji kutsegulira chitseko ife ena?

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi maganizo oti chilankhulo chachiwiri chimadya choyamba, ngati kuti mutu wa mwana ndi nkhokwe yaing'ono yokwana mbewu imodzi basi. Ine ndaona zosiyana m'kalasi. Wophunzira akamasokoneza "I have gone" ndi "I went", ndimadziwa kumene kwachokera chisokonezocho, chifukwa tsiku ndi tsiku ndimawoloka kuchoka ku chilankhulo china kupita ku china. Wolankhula chimodzi chokha angathe kumva kuti chiganizo chalakwika koma n'kulephera kunena chifukwa chake. Sindikunyoza aphunzitsi otere ayi, ambiri ndi akatswiri, koma luso lawolo analipeza pophunzira ntchito, sanabadwe nalo.

Bungwe la aphunzitsi a Chingelezi la TESOL linanena kale poyera mu 2006 kuti kusala aphunzitsi chifukwa choti si "eni chilankhulo" n'kulakwa. Komabe zotsatsa ntchito zikadali ndi mawu omwewo.

Ndikupempha olemba ntchito kuti atiyese. Pali mayeso a Chingelezi a IELTS, pali mulingo wapamwamba kwambiri wa luso la chilankhulo wa C2, pali kuimika munthu kutsogolo kwa kalasi kwa mphindi 20 n'kumuonerera. Ndikalephera pamenepo ndidzavomera ndi mtima wonse. Ndipo kwa anzanga okulira m'zilankhulo ziwiri, fomu ikakufunsani ngati Chingelezi ndi chilankhulo chanu chobadwa nacho, chongani kuti inde. Ine ndidzapitiriza kutero, chifukwa simabodza.

Mphunzitsi wodandaula